Makapisozi a ku Limbe

Mtunthama, 6 Febuluwale 1983

Okondedwa achimwene a Nedson,

Landirani moni wochuluka kuchokera kuno. Kaya inu muli bwanji ku Limbeko? Ife tilipo. Jenala wayamba kuwerenga mpaka khumi, ndipo akuti amalume ake adzamubweretsere sileti. Bambo ake, a Lameki, ayamba kuthyola fodya, moti chigafa chatsala pang'ono kufika theka.

Chimene ndakulemberani ndi chifuwa. Chinandiyamba mvula itandinyowetsa kumunda mwezi watha, mpaka lero sichinathe. Ndikakhala pansi kuti ndisoke fodya ndimatsokomola mpaka kutuluka misozi. Kuchipatala anangondipatsa asipirini, akuti mankhwala ena sanabwere. Apongozi anga akuti, “Mlongo wako ndi dokotala ku Limbe, iwe ukuvutikiranji?” Ndiye ndati ndilembe. Ngati pali kanthu kamene mungatumize, patsirani a Tsoka a lole ya feteleza, amadutsa kuno kawiri pamwezi.

Amayi ku Wimbe ndinawaona sabata yatha. Ali bwino kupatula bondo lija. Akazi anu, alamu anga a Louisa, sindinawaone chichokereni Khirisimasi, kaya sukulu ya ku Santhe yawamanga miyendo.

Ndine mlongo wanu,
Esitere


Limbe, 20 Febuluwale 1983

Wokondedwa mlongo wanga,

Kalata yako yandipeza ndili bwino. Upereke moni kwa alamu ndi kwa apongozi ako, uwauze kuti sanalakwe kukutumiza kwa ine.

Chifuwa chopitirira masabata atatu si chosewera nacho. Abwana athu muno m'sitolo ya mankhwala ali ndi buku lalikulu, ndipo ndaonamo mankhwala oyenera. Ndapatsira a Tsoka botolo la makapisozi ofiira ndi achikasu. Uzimwa mmodzi kanayi patsiku kwa masabata awiri. Ukayamba kupeza bwino usaleke, ndipo usagawireko munthu. Anthu akwathu timakonda kumwa mankhwala masiku atatu, otsalawo n'kusungira maliro.

China ndi ichi. Ndikudziwa kuti kwa alamu kuli ng'ombe ndipo tsiku silipita osamwa chambiko. Uleke. Bukuli likunena kuti mkaka umafooketsa makapisozi amenewa. Ngakhale ukadzatsiriza, ine ndikanakonda kuti usabwererenso. Chambiko ndi chiyani? Ndi mkaka wosawiritsa umene wakhala m'chipanda masiku awiri mpaka tizilombo taswana. Munthu wa chifuwa safunika kuwonjezera tizilombo m'thupi. Thobwa logonetsa nalonso chimodzimodzi. Uzimwa madzi owiritsa ndi tiyi.

Sileti ya Jenala ili m'phukusi momwemo. Undilembere mmene upezere.

Mlongo wako,
Nedson


Mtunthama, 27 Malichi 1983

Okondedwa achimwene,

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Chifuwa chatheratu. Makapisozi ndinamwa onse monga munanenera, ndipo chambiko ndinasiya, ngakhale apongozi akuseka kuti ndasanduka mzungu. Botolo lija akusungiramo singano.

Nditangotsiriza mankhwala, amayi a chipani anatitenga kukavina kumsonkhano ku boma. Tinakhalako masiku asanu, tikugona pasukulu. Fodya wina anapsera m'munda chifukwa kunalibe wothandiza a Lameki kuthyola, ndiye nkhope yawo mukuidziwa.

Achimwene, chifuwa chatha koma thupi silili bwino. M'mimba mwayamba kutsegula, ndipo palinso china chimene si choti ndingalembere inu. Kodi alamu a Louisa abwera kuno patchuthi cha Pasaka? Ngati mukuwalembera, auzeni kuti ndikuwafuna. Musaiwale chonde.

Jenala walemba chithunzi chanu pasileti. Wakupatsani makutu aakulu.

Esitere


Mtunthama, 10 Epulo 1983

Alamu a Nedson,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ntchito.

Lero sindikulemberani ngati mlamu chabe, koma ngati nkhoswe, poti ndinu munaimirira mlongo wanu tsiku limene ndinamutenga chitengwa kuchoka ku Wimbe. Mundikhululukire kuti ndilemba zolemetsa.

Chibwerereni ku boma kuja, make Jenala sali bwino. Matenda ake ndi a kumalo obisika. Akuyenda movutika, akuchapa nsalu zake mobisa, ndipo anasamukira pamphasa ya mwana. Sabata yatha nanenso ndinayamba kumva kuyabwa. Alamu, ine chikwatirireni sindinapondepo kwina. Mulungu ndiye mboni yanga.

Musandimve molakwa. Ulendo uja unali wa chipani ndipo ine ndilibe nawo mawu, khadi langa ndili nalo, la make Jenala ndinagulanso ndine. Ndikungonena kuti anagona kunja masiku asanu, ndipo kumeneko kunali madalaivala ndi anthu ena ambiri. Ndamufunsa kawiri mwaulemu. Akungolira, akuti sakudziwa chimene chamugwera.

Sindinauze munthu, ngakhale amayi anga. Inu ndinu ophunzira, ndiponso mumadziwa za matenda. Tandiuzani zoona, kodi matenda otere angam'gwire mkazi amene sanayende? Mukati inde, ndikhala chete ndipo ndipita naye kuchipatala ndekha. Ndidikira yankho lanu ndisanachite chilichonse.

Ine mlamu wanu,
Lameki


Limbe, 19 Epulo 1983

Esitere,

Moni. Alamu andilembera, ndipo tsopano ndamvetsa chimene unkati sungandilembere.

Sindikufunsa kuti ndi ndani, sindikufunanso kudziwa. Koma usamawalirire alamu n'kumati sukudziwa. Matenda otere sabwera ndi mphepo. Pakauntala pano ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndipo njira yake ndi imodzi. Wandichititsa manyazi pamaso pa munthu amene ndinamuuza ndi pakamwa panga kuti akutenga mkazi wa mwambo.

Ndatumizanso makapisozi omwe aja, chifukwa amagwiranso ntchito pa matenda amenewa. Ulendo uno umwe kwa mwezi wathunthu osadumphitsa. A m'botolo laling'ono ndi a alamu. Alamu ako a Louisa sindinawauze, ndipo sindiwauza. Nkhani zotere sizifunika kuyenda.

Kalata iyi uwaonetse a Lameki, ikhale yankho langa kwa iwo, kuti adziwe kuti kwathu sitibisa cholakwa. Uwapepese. Akakukhululukira, ndi mwayi wako.

Nedson


Wimbe, 29 Meyi 1983

Bambo a Grey,

Moni. Grey ali bwino, ndamusiya kwa aphunzitsi anzanga ku Santhe. Ine ndili kuno kwa amayi chifikireni Lachinayi. Khalani pansi muwerenge bwino.

Nkhani ya mlongo wanu ndinaimvera pamsika, kwa mayi wogulitsa mtedza amene sankadziwa kuti ndine mlamu wake. Ndinapempha ahedi masiku awiri n'kukwera basi. Esitere ndam'peza kuno. Watha mwezi chimuthamangitsireni ku Mtunthama. Waonda, m'mimba simukuleka, m'kamwa mwayera ngati wadya ufa, ndipo makapisozi anu anali akumwabe, kanayi patsiku, molondola. Akulu ampingo anamuimitsa Mgonero, yunifomu ya Chigwirizano ili m'sutikesi. Mukudziwa umboni umene unaperekedwa? Kalata yanu. A Lameki anaiwerenga pamaso pa akulu, onse n'kuti ngati mlongo wake weniweni, dokotala, wavomereza, ife titsutse chiyani.

Amayi anali atapangana kale ndi mayi wina kuti Loweruka adzamudule ndi lezala kumalo obisika, akuti ndi mauka. Lachisanu ndinabwereka njinga n'kupita naye kuchipatala. Tinapeza namwino wachikulire, Mtumbuka, wosanyengerera. Atamuyeza anafunsa kuti, “Mama, mwakhala mukumwa chiyani?” Esitere anatulutsa botolo. Namwinoyo anawerenga masiku ndi zala, kenaka anati, “Ndani akukupatsani makapisozi ngati mtedza?” Esitere anati, “Achimwene anga, ndi adokotala.” Iye anati, “Adokotala a kuti? Munthu ameneyu wapopera mankhwala m'munda mpaka wapha mbozi pamodzi ndi fodya yemwe.” Ine ndinangoyang'ana pansi.

Akuti si matenda a chiwerewere. Akuti m'thupi la mkazi muli tizilombo tabwino timene timamuteteza, ndipo makapisozi akachuluka amapha tomweto. Anamuletsa makapisozi, wamupatsa mankhwala oika ndi jivi wopaka. Za m'mimba wati abwerere ku chambiko ndi thobwa, bola mkakawo aziyamba wauwiritsa.

Bambo a Grey, zimenezi zinandigwiranso ine nditabereka Grey, atandipatsa makapisozi a chilonda. Ndinachira pa sabata imodzi. Sindinakuuzeni chifukwa si nkhani youza mwamuna. Esitere akuti anakupemphani mu Malichi kuti mundiitane. Pasaka yense ndinali ku Santhe, ndikuchonga makope. Mukanangolemba mzere umodzi.

Sindikutukwanani. Tsegulani buku lanu lija, muone ngati namwinoyu akunama.

Ine mkazi wanu,
Louisa


Limbe, 7 Juni 1983

Alamu a Lameki,

Moni. Pa 10 Epulo munandifunsa funso lolunjika, ngati matenda aja angam'gwire mkazi amene sanayende. Ndinakuyankhani molakwa. Yankho loona ndi inde, ndipo amene anadwalitsa mkazi wanu ndine.

Ndilongosole monga ndawerengera. M'mimba mwa munthu aliyense, ndiponso m'njira ya mkazi, mumakhala tizilombo tosaoneka timene si ta matenda. Tina mwa ito timatchedwa laktobasilasi, ndipo ndi ta mtundu umodzi ndi timene timasasitsa chambiko. Kwa mkazi timachititsa kuti malowo akhale owawasa pang'ono, ndipo kuwawasa kumeneko kumaletsa kachilombo kena, kofanana ndi yisiti wa mikate, kuti kasaswane. Kachilombo ka yisitika aliyense ali nako, ngakhale namwali. Makapisozi amene ndinatumiza sasankha, amapha toipa ndi tabwino tomwe. Tabwino tikatha, yisiti uja amaswana, ndiye kuyabwa ndi zina zonse munaziona zija. Mwamuna amatha kutengerako kuyabwa pang'ono kwa mkazi wake. Esitere anatsiriza botolo loyamba tsiku loti mawa apita ku boma. Werengani masiku nokha.

Za chambiko sindinena mopitirira. Mabuku sakugwirizana ngati kumwa chambiko kumachiza matenda a amayiwa, koma ambiri akuti chimathandiza m'mimba mwa munthu amene wamwa makapisozi. Ine ndinamuletsa pa nthawi imene chikanamuthandiza.

Zonsezi zili m'buku lomwe lija ndinaonamo mlingo wa mankhwala, kuseri kwa tsamba lomwelo. Mu Febuluwale sindinatembenuze tsambalo. Mu Epulo bukulo sindinalitsegule n'komwe, chifukwa ndinali nditaweruza kale. Ndipo pamene anali kudwala chifukwa cha makapisozi, ndinamutumizira ena a mwezi wathunthu.

Inu munachita bwino, munafunsa musanachite kanthu. Wolakwa ndi amene munamufunsa. Chonde katengeni mkazi wanu, ndipo muonetse akulu ampingo kalata ino monga munawaonetsera ija.

Mlamu wanu,
Nedson


Mtunthama, 19 Juni 1983

Alamu,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndinapitanso ndekha kwa namwino uja, ndipo wanena zomwezo, kuwonjezapo mawu ena amene sindingalembe. Kuyabwa kwanga kunatha kalekale. Sindikudya bwino, alamu. Jenala amafunsa amake tsiku lililonse.

Koma nkhaniyi yakula kuposa ine. Ndinapita ndi kalata yanu kwa amalume anga a Jeremiya, amene ndi nkhoswe ya mbali yathu komanso mkulu wampingo. Iwo akuti munthu mmodzi walemba makalata awiri otsutsana, tikhulupirire iti? Akuti yachiwiriyi mwalemba chifukwa magazi akukupwetekani, mukufuna kuphimba mlongo wanu. Mudzi wonse unamva yoyamba ija. Akuti pokhapokha mutabwera, mudzanene ndi pakamwa panu pamaso pa ankhoswe, amayi anu ndi mwini wake ali pomwepo, kuti adzakufunseni mafunso. Aika Loweruka pa 16 Julaye, ku Wimbe.

Mukapanda kubwera, ine ndilibe mphamvu yomubwezera dzina lake.

Lameki


Wimbe, 3 Julaye 1983

Achimwene,

Moni. Ndachira. Ndayambanso kudya, ndipo dzulo ndinathandiza amayi kutonola chimanga.

Kalata yanu yopepesa ndalandira. Mukuti tchuthi n'chovuta kupeza. Mukutinso si mwambo kuti mwamuna atchule za thupi la mlongo wake, amayi ali pomwepo, ndiye mukufuna amalume a Lazaro adzawerenge kalata ina m'malo mwanu.

Mwambo umenewo ndikuudziwa. Ndi umene unanditseka pakamwa mu Malichi. Koma a Lameki atawerenga kalata yanu kutchalitchi, panali amuna asanu ndi awiri, ndipo za thupi langa anazikamba onse, ine nditakhala pabenchi. Kuchitsime amayi amasiya kuyankhula ndikafika. Manyazi amene mukuwaopawo ine ndakhala nawo miyezi iwiri ndi theka. Inu mudzakhala nawo tsiku limodzi.

Amalume sadziwa tizilombo. A Jeremiya akadzawafunsa funso, adzayankha chiyani? Bwerani nokha. Mudzabwere ndi bukulo ngati abwana angalole, ndipo musadzayankhule Chingerezi.

Esitere


Limbe, 19 Julaye 1983

Wokondedwa make Grey,

Moni, iwe ndi mwana. Ndafika bwino dzulo. Pepa kuti sindinadzere ku Santhe, abwana anandipatsa masiku atatu okha, ndipo buku anafuna libwerere Lolemba.

Tinakhala kuseri kwa nyumba ya amayi, pafupi ndi nkhokwe. Mbali yathu kunali amayi, amalume a Lazaro ndi Esitere. Mbali yawo a Jeremiya, a Lameki ndi akulu ampingo awiri. Ndinaimirira n'kunena zonse, kuyambira pa chifuwa. Mawu amene sindinawatchulepo pamaso pa amayi chibadwireni ndinawatchula. Amayi anafunda chitenje kumutu mpaka nditatsiriza. Esitere sanawerame, ankangondiyang'ana.

A Jeremiya si munthu wopusa. Anandifunsa kuti, “Inu adokotala, mu Epulo munati njira ndi imodzi. Lero njira zakhala ziwiri. Mwezi wamawa zidzakhala zingati?”

Ndinati, “Bambo, ine sindine dokotala. Ntchito yanga ndi kuwerenga mapilitsi ndi kumata mapepala pamabotolo.”

Amalume a Lazaro anati, “Nanga chijasi choyera chija cha pachithunzi?” Ndinati aliyense m'sitolo muja amavala, ngakhale wosesa. Mkulu wina anaseka mpaka kutsokomola. Zaka zisanu ndi chimodzi anthu akunditchula dzina limenelo, sindinalikanepo.

A Jeremiya anatenga buku, n'kuuza mkulu wina amene anali mphunzitsi kuti awerenge yekha ndimeyo ndi kumasulira. Atamaliza, a Jeremiya anati, “Ndiye mukuti mwana uyu tinamuimitsa Mgonero chifukwa chomvera mlongo wake?” Ndinati inde. Anati, “Ndipo apongozi ake, amene sadziwa ndi A yemwe, ndiwo ankanena zoona za chambiko?” Ndinati mbali ina, inde. Anavula chipewa.

A Lameki anagwada pamaso pa amayi, anabwera ndi nkhuku yopepesera. Esitere anati abwerera ku Mtunthama, koma dzina lake liyambe layeretsedwa m'tchalitchi, Lamlungu, anthu onse akumva. Avomera. Banja lapulumuka, ndipo pamenepo ndikuthokoza Mulungu ndi iwe.

Lamlungu masana Esitere anandiperekeza kokwerera basi. Titafika ndinati, “Mlongo wanga, wandikhululukira?”

Anati, “Za makapisozi ndinakhululuka kale, munkafuna kundichiza chifuwa. Koma a Lameki, ngakhale anali ndi mkwiyo, anandifunsa kawiri. Inu simunandifunse ngakhale kamodzi.”

Ndinati, “Ndikanakufunsa ukanandiuza?”

Anati, “Matendawo sindikanakuuzani. Koma kuti sindinayende ndikanakuuzani.”

Kenaka anandiuza kuti wakambirana ndi amayi, ndipo kuyambira tsopano nkhoswe ya banja lake ndi amalume a Lazaro. Akuti ukwati ukadzavutanso, akufuna pakhale munthu amene adzayambe wabwera kudzamuona. Ananena mofatsa, akundinyamulira chikwama. Basi itafika anandipatsira chikwamacho pawindo, n'kubwerera.

Ine mwamuna wako,
Nedson